Mbewu Yomera Kwina

"Tsono mumvetsetse apa, amayi anzanga," ndinatero chala changa chili pa vesi. "Mbewu ija inalibe vuto. Wofesayo sanatenge mbewu yofumbwa. Ina inagwera panjira, ina pathanthwe, ina paminga, ina panthaka yabwino, koma yonseyo inachokera m'thumba limodzi. Pomwe sipanaoneke zipatso, vuto silinali mbewu. Vuto linali nthaka."

"Ameni!" anatero apongozi anga ali pa benchi yakutsogolo, ndodo yawo ataitsamira. "Apo ndiye mwalasa, aphunzitsi. Mbewu njabwino. Ife taiona ndi maso athuwa itamera kwina, mpaka ikuyenda ndi miyendo yake."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, kenako kuseka kuja kunaduka ngati ulusi wovunda.

Linali Lachinayi masana, tsiku la msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo tinali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi momwe ana amaphunziriramo Mawu. Mayi busa anali atandipempha kuti ndiphunzitse m'malo mwawo chifukwa chimfine chinali chitawatseka pakhosi. Sabata yonse ndinakhala ndikulibwereza phunzirolo mumtima uku ndikuponda makina anga osokera, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinasita bulauzi yanga yoyera mpaka kolala inaima njo.

Poyamba ndinamwetulira. Ndinkayesa kuti mayi a amuna angawo akungovomereza Mawu mwa nthabwala zawo, poti anali munthu wapakamwa. Ndinayang'ana m'chipindamo kufuna wina woti timwetulire naye. Namwino, mnzanga yemwe tinkakhala benchi imodzi Lamulungu lililonse, anali kuvundukula buku la nyimbo ngati watayamo kanthu. Mayi wogulitsa mazira anali kuwerenga zala za kumapazi kwake. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anali atawatsina amake pamkono. Mayi busa anali atatsinzina. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene nkhope yake inafunsa kuti, "Kodi agogowa akutanthauza chiyani?" Onse anali atamva, ndipo zomwe anamvazo sizinali zachilendo kwa iwo.

Ndinali ndili pa banja zaka zoposa khumi, ndipo ndinalibe mwana.

Sindikudziwa chifukwa chake sindinakhale pansi. Mwina miyendo inaiwala njira yobwerera ku benchi. Ndinapitiriza kuphunzitsa. Ndinakamba za thanthwe, za mizu yosazama yomwe imafota dzuwa likangotentha. Ndinakamba za minga, nkhawa za moyo uno zomwe zimatsamwitsa Mawu. Mawu anga ndinkawamva ngati wailesi ya kunyumba ya eni. Thukuta linkatsika ndi msana n'kumamatiza bulauzi ija kuthupi. Mabulauzi onse oyera m'chipindamo ndinali nditasoka ndine. Ndinkadziwa chiuno cha mayi aliyense, mapewa ake, ngakhale yemwe ali ndi pakati mwamuna wake asanadziwe, poti tepi siinama. Ndinkadziyesa wodziwa zinsinsi za amayi onsewo ndi kuzisunga. Osadziwa kuti ndi iwo ankasunga changa.

Pomaliza tinagwirana manja kuti tipemphere. Namwino anafinya dzanja langa pang'ono, monga amachitira anthu pamaliro. Kufinya kumeneko kunandipweteka kuposa mawu a apongozi.

Ndinatuluka osadikira tiyi. Panjira yopita kunyumba ndi pomwe ndinakumbukira za umboni. Mwezi wapitawo ndinali nditaima kutsogolo kwa mpingo wonse, maikolofoni ili m'manja, n'kuthokoza Mulungu pondipatsa mwamuna woleza mtima. Ndinati amuna ena akadandibweza kwathu kalekale, koma anga sanayang'anepo kumbali, akudikira limodzi nane nthawi ya Ambuye. Anthu anaomba m'manja. Amayi ena analulutira. Amuna anga, omwe anali woimbitsa kwaya, anali atazyolika pampando wawo, ndipo ine ndinkati ndi kudzichepetsa. Nditakumbukira zimenezi ndinaima pakati pa msewu, wanjinga wina mpaka anandikalipira.

Kumpingo kwathu mayi aliyense ankaitanidwa ndi dzina la mwana wake, amake uje, amake uje. Ine ndinali amayi atelala. Ndinali nditayenda m'zipatala, nditamwa mapilitsi ondichititsa chizungulire, nditasala kudya mpaka siketi kumandivuka. Madokotala ankangoti, "Mubwere nawo abambo tidzawayezenso," koma abambo nthawi zonse ankakhala ndi ulendo wokasiya buledi. Choncho mumtima mwanga munali kachiyembekezo kobisika, kochititsa manyazi, koti mwina vuto silili mwa ine ndekha. Tsopano yankho linali litapezeka, ndipo linali kuyenda ndi miyendo yake.

Ndinawapeza amuna anga pakhonde, akupukuta nsapato zawo za kuntchito uku akung'ung'udza nyimbo yomwe ankafuna kuphunzitsa kwaya. Anali dalaivala wa galimoto ya buledi, ndipo ankaweruka dzuwa likadali m'mwamba.

"Mwabwerako msanga, aphunzitsi," anatero akuseka. "Anthu atembenuka mtima angati?"

"Mwanayo ali ndi zaka zingati?"

Bulashi inaima pa nsapato.

"Mwana wake uti, mayi?"

"Bambo, musandichititse manyazi kawiri tsiku limodzi. Amayi anu alengeza kale kumsonkhano. Ndikungofunsa zaka zake."

Anaika nsapato pansi mosamala ngati dzira. Anayang'ana kumpanda, kenako kumapazi anga.

"Akwanitsa zitatu posachedwa."

"Wamwamuna?"

"Wamkazi."

"Amake ndani?"

"Mtsikana wina wa pa saluni, pafupi ndi sitolo ina yomwe ndimasiyako buledi. Koma zinatha kalekale, mayi, ndikulumbira. Amayi ndi omwe ankandivutitsa tsiku ndi tsiku, akuti ndifa osaona mdzukulu wochokera kwa mwana wanga wamwamuna, akuti..."

"Asiyeni amayi. Kodi lamba anakumasulani ndi amayi?"

Anaweramitsa mutu.

"Akudziwa ndani?"

"Ndi ochepa."

Ndinaseka, kuseka koipa komwe sindinadziwe kuti ndili nako. "Ochepa! Ndipo tsiku lija ndikuchitira umboni, inu muli phee pampando, simukanatha kungondikodola kuti mkazi iwe khala pansi? Munandisiya ndivule pamaso pa mpingo wonse, anthu akuomba m'manja?"

Apo ndi pomwe analira. Bambo wamkulu, wa mawu omwe ankadzaza tchalitchi, anagwada pa simenti pakati pa polishi ndi nsanza, n'kugwira mpendero wa siketi yanga. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma powaona atagwada. Sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti pakati pa mutu pawo tsitsi layamba kuthothoka, ndipo ndinalowa m'nyumba.

Sindinachoke pabanjapo. Ndikanapita kuti? Makolo anga anali atatsikira kuli chete, ndipo kwa mchimwene wanga ana ankagona mpaka pansi pa tebulo. Tinkakhala ngati alendi awiri a nyumba imodzi: ndinkaphika, iwo ankadya, ankatsuka mbale yawo okha. Anapita okha kwa akulu a mpingo kukaulula, ndipo anawaimitsa kwaya. Ine palibe anandiimitsa chilichonse, koma ndinadziimitsa ndekha. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Popita kushopu yanga yosokera ndinkazungulira kuseri kwa msika, kudutsa pomwe amatayapo zinyalala, kuopa kukumana ndi mayi wogulitsa mazira. Lamulungu ndinkadzitsekera m'kachipinda kanga kosokera, n'kumaponda makina mwamphamvu kuti ndisamve belu.

Kupemphera kunandikanika. Ndikati nditsegule Malemba, buku linkatsegukira palokha pa fanizo lomwe lija, poti ndinali nditapinda tsambalo pokonzekera, ndipo ndinkalitseka msanga ngati ndaonamo chinkhanira. Ndinkadziwa kuti fanizolo silikamba za mimba. Koma kudziwa kumeneko kunali m'mutu. Pansi pamtima ndinkamva kuti Mulungu mwiniwake anagwirizana ndi apongozi anga, ndipo anandiimika kutsogolo dala kuti chigamulo chituluke pakamwa panga pomwe.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina, mayi busa analowa mushopu atanyamula thalauza la abusa m'jumbo.

"Zipi yaphulikanso," anatero akudzigwetsa pa mpando wa makasitomala. "Abusa anu akunenepa, koma iwo akuti ndi thalauza likuchepa. Akuti nsalu za masiku ano zimafota."

Ndinalandira thalauzalo osaseka. Ndinatenga kalumo n'kuyamba kumasula zipi yakale.

"Benchi yanu ikadali pomwepo," anatero.

"Ikhale pomwepo, mayi."

"Namwino akumakhala yekha. Sakulola munthu kukhala pambali pake. Amaikapo chikwama."

"Achotse chikwamacho. Ndingokufunsani kanthu kamodzi, mayi busa. Inuyo munkadziwa?"

 Anali mayi wonenepa, wa phokoso, woseka ndi thupi lonse, koma nthawi imeneyo anaoneka ngati wachepa mumpandomo.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinamva mwanayo ali wakhanda. Ndinauza abusa, abusa anati tidikire mwiniwake aulule. Tinadikira. Tsiku lija mukuchitira umboni ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Kenako ndine ndemwe ndinakupatsani phunziro limene lija, osaganiza n'komwe. Ndilibe chodzikanira."

Kalumo kanaterereka n'kudula ulusi wosayenera. Ndinapitiriza osadzutsa mutu.

"Ndakhala ndikuganiza za njira ija ya m'fanizo," anapitiriza. "Munatiphunzitsa kuti ndi mtima wouma, woti Mawu akagwerapo amangokhala pamwamba mbalame n'kutola. Ndi zoona. Koma simunatiuze chinaiumitsa n'chiyani. Ija inali nthaka ya m'munda momwemo, mayi. Siinabadwe youma. Anthu ndi omwe ankadutsapo, lero uyu, mawa uyo, mpaka inasanduka njira. Ife takupondani. Ine ndemwe phazi langa lili pomwepo."

"Ndiye mwabwera kudzandilima?"

"Ine khasu ndilibe. Mwini munda ndi amene amadziwa kuti agaula liti. Ine ndabwera ndi zipi."

Ndinaika thalauza pansi pa singano. Iwo anakweza mawu kuti apose phokoso la makina.

"Komanso zipatso zomwe Ambuye ankanena sizituluka m'mimba."

"Ndikudziwa. Ndine ndinaphunzitsa."

"Munaphunzitsa ife. Inuyo munamva?"

Ndinaimitsa makina. "Mayi busa, inu muli ndi ana asanu. N'kosavuta kunena zimenezo pakhomo pali matewera pachingwe."

"N'zoona," anatero. Anadikira mpaka zipi itatha, anaiyesa kukweza ndi kutsitsa, n'kunyamuka. Ali pakhomo anatembenuka. "Sindikuuzani kuti mukhululuke, poti sindikudziwa ngati ine ndikanatha. Koma musamutsekere Mulungu kunja chifukwa cha pakamwa pa apongozi anu. Si iwo amamulankhulira."

Mawu amenewo sanamere tsiku limenelo. Anangogwera pamwamba. Ndinakwiya nawo mpaka madzulo, ndipo malaya a kasitomala wina ndinawasoka manja mozondoka.

Apongozi anga sindinaonane nawo nthawi yonseyi, koma ndinkalankhula nawo tsiku lililonse mumtima. Ndinali nditakonza mawu oti ndidzawauze, nditawasita, nditawapinda bwinobwino. Ndinkadziwa poyambira, podzaima, ndi pomalizira pomwe iwo adzasowe choyankha.

Anabwera kushopu Loweruka lina m'mawa, mvula itangokata. Ndinali ndikudula nsalu ya yunifolomu za sukulu pomwe ndinamva ndodo ikugogoda pa sitepe.

"Odi kuno."

Mawuwo ndinawadziwa, ngakhale anali atachepa. Anaima pakhomo osalowa. Miyendo yawo inali itatupa ndi matenda a shuga mpaka nsapato anangozipondera kuzidendene, ndipo pachipumi panali bala latsopano lomata pulasitala. Kumbuyo kwa siketi yawo kunasuzumira kamutu.

Ndinali ndisanamuonepo. M'maganizo mwanga mwanayo anali wonenepa, wosalala, wovala nsapato zowala, mwana woti agogo ake n'kumanyadira pamsonkhano. Yemwe anatuluka kuseri kwa siketiyo anali kamwana kouma, tsitsi lofiirira losapesa, mphuno zikuchucha. Diresi lake linali litamuthina m'khwapa, ndipo kumsana, pomwe mabatani anakana kukumana, analimanga ndi kachingwe. M'manja anali atafumbata chitsekero cha botolo.

"Amake anakwatiwa kutali," anatero apongozi akuyang'ana pansi. "Mwamunayo akuti safuna mwana wa wina. Anadzamusiya kwa ine akuti masiku ochepa okha, mpaka lero foni yake siigwira. Bambo ake amabweretsa chakudya, koma kukuuzani inu akuopa. Mlamu wanu naye akuti ali ndi ake. Ine ndi miyendo iyi. Dzana anathamangira kumsewu, ine pomuthamangitsa ndi pomwe ndinagwa apa."

 Sizasi inali ikadali m'manja mwanga.

"Sindinabwere kudzakusenzetsani mtolo, apongozi. Kadiresi kokha. Atelala ena ndikanapitako, koma onse amandidziwa, ayamba kufunsa. Kutchalitchi ndikulephera kupita naye chonchi. Anthu akundiseka."

Anthu akundiseka. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa. Nthawi ija inali itakwana. Mawu onse omwe ndinakonza anabwera pakamwa, ndipo oyamba anali akuti: kodi mbewu yabwino ija ndi imeneyi? Ndinaika sizasi patebulo, ndinawongola msana.

"Amayi," ndinayamba, "tsiku lija munati..."

Ndinamva makina akulira kumbuyo kwanga. Mwana uja anali atalowa osaoneka, atakwera pa chopondera ndi miyendo yonse iwiri, ndipo dzanja lake limodzi linali pa mbale ya makina, pansi penipeni pa singano. Sindikumbukira kuti ndinadumpha bwanji mulu wa nsalu. Ndinakankha kadzanjako, singano inatsika n'kundilasa ine m'mbali mwa chala.

"Iwe!" ndinakuwa.

Mwanayo sanalire. Sanathawirenso kwa agogo ake. Anagwetsa chitsekero chija, ananjuta pansi pomwepo, n'kudziphimba kumutu ndi manja onse awiri, maso atatsinzina zolimba. Anali kudikira khofi. Anachita zimenezi mwachangu, mwaluso, ngati munthu wodziwa ntchito yake.

Ndinaima pamwamba pake, magazi akudontha pachala. Kakhosi kake kanali kowonda ngati ka mwanapiye, kali ndi litsiro m'mizere. Miyezi yonseyi ndinali ndikumuda munthu ameneyu. Ndinkamuona ngati chikwangwani chomwe Mulungu anakhoma pamsewu kuti aliyense awerenge kuti ine ndine thanthwe. Ndipo mphindi yapitayo ndinali pafupi kumugwiritsa ntchito ngati ndodo yokwapulira agogo ake, iye ali pomwepo akumva. Manyazi omwe anandigwira pamenepo anali osiyana ndi a Lachinayi lija. Aja anali oti anthu akundiona. Awa panalibe wondiona koma Mmodzi.

Ndinagwada. Mawondo anga analira, ndipo mwanayo anadzikhwinyata kwambiri.

"Palibe akumenye," ndinatero. "Taona, singano yaluma ine. Iwe siinakulume. Tiye tione zala."

Anatsegula diso limodzi. Pang'onopang'ono anatsitsa dzanja n'kundipatsa. Zala zonse zinali zabwinobwino. Kachala kakang'ono kanali kopindikira mkati, ndendende ngati ka amuna anga, ndipo ndinayenera kuyang'ana kumbali kanthawi.

Ndinamva kufwenthera pakhomo. Apongozi anga anali akulira, atagwira chitseko.

"Pakamwa panga panandipha tsiku lija," anatero. "Ndinalankhula ngati munthu wosapemphera. Inu munandisamalira ndili m'chipatala, munkandisambitsa, ana anga obereka ndekha akunyansidwa. Ine n'kukubwezerani zotere. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani, mwana wanga."

"Khalani pampandopo, amayi," ndinatero. "Miyendo yatupa."

Ndi zokhazo zomwe ndinatha kunena. Mawu ena aja ndinawafunafuna, koma anali atabalalika.

Ndinamanga chala changa ndi kansanza, ndinatunga madzi m'ndowa n'kumupukuta mwanayo kumaso ndi m'khosi. Kenako ndinachotsa tepi m'khosi mwanga. Iye ankandiyang'anitsitsa, maso ali tong'o.

"Ndinu ndani?" anafunsa.

Apongozi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. 

"Ndine telala," ndinatero. "Imika manja m'mwamba."

Anaimika. Nditazunguliza tepi pachifuwa chake anaseka chifukwa inkamugirigisha, ndipo ndinamva nthiti zake zikugwedezeka pansi pa zala zanga. Ndinayeza mapewa, chiuno, kutalika mpaka m'mawondo. Pa alumali panali nsalu yachikasu ya timaluwa yomwe inatsala pa diresi la mkwatibwi wina. Ndinaiyala patebulo, ndinalemba ndi choko, ndinadula. Mwanayo anakhala pansi pa tebulo n'kumatola tizidutswa, kutisanja pa mwendo wa agogo ake.

Ndikanakonda kunena kuti tsiku limenelo ndinakhululuka, koma ndingakhale ndikunama. Kutchalitchi ndinabwerera patapitanso nthawi, ndipo Lamulungu loyamba ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, mpaka namwino ananyamula chikwama chake n'kudzakhala nane komweko. Amuna anga ndi ine tinatenga zaka kuti tiyambenso kuseka nthabwala imodzi. Panali masiku ena omwe mwanayo, atayamba kukhala kwathu, ankati akapendeketsa mutu mwa mtundu wina ndinkaona nkhope ya mkazi yemwe sindinamuonepo, ndipo ndinkatuluka panja kukaima kaye. Apongozi anga anamwalirira m'nyumba mwathu, akadali apakamwa mpaka tsiku lomaliza. Fanizo lija sindinaliphunzitsenso. Ndimangolimva ena akamaphunzitsa, ndipo ndimakhala chete.

Koma Loweruka limenelo zonsezi ndinali ndisakuzidziwa. Ndinkangodziwa kuti pali diresi loti lithe dzuwa lisanapendeke. Nditalumikiza mapewa ndi m'mbali, ndinamasula kachingwe ka kumsana kuja, ndinamuvula diresi lakale n'kumuveka latsopanolo. Linamufika mpaka ku akakolo. Ndinamuimika pa mpando, ndinaluma mapini, ndinagwada n'kuyamba kupinda m'munsi. Ndinapinda kamodzi, mulifupi mwa chikhatho changa, kenako ndinapindanso kachiwiri.

"Mwapinda kwambiri, apongozi," anatero agogo ake akusuzumira. "Nsalu yonseyo mukuibisa mkati? Bwanji osangodula?"

"Akula," ndinayankha cha m'mano.

"Nanga akakula, adzamufutukulira ndani?"

 M'kamwa munali mapini. Ndinamugwira mwanayo m'chiuno n'kumutembenuza pang'ono kuti ndifike kumbuyo, ndipo iye, poopa kugwa pampandopo, anagwira mutu wanga ndi manja onse awiri.